Ndili moyo, abale: za matenda a amayi, njira ya ku Zambia ndi malungo amene anandigwetsa ku Joni

Abale anga a kwa Chimwala, a pa boma ku Mangochi, a ku Mpondasi ndi inu nonse a kutsidya kwa mlatho, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndili moyo, ndikudya, ndipo ndayambiranso ntchito. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndamva kuti kumudzi kunafika mbiri yoti ndamwalira kuno ku Joni, mpaka ena anayamba kufunsana za ndalama yobweretsera maliro. Amene anafalitsa sindikuwaimba mlandu, pakuti aliyense amene anandiona tsiku limene ankanditengera kuchipatala akanaganiza chimodzimodzi. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp aliyense payekha, koma mphamvu yoyankha mmodzimmodzi sinabwerere bwino. Ndiye ndati ndilembe kamodzi mmene zonse zinayendera, kuyambira pa matenda a amayi.

Foni ya achemwali inandipeza kuntchito, Khrisimasi ya 2024 itayandikira. Anati amayi agwa m'mawa akusesa pabwalo, pakamwa papotokera mbali imodzi, mkono wamanzere sukugwira, ndipo zimene akulankhula sizikumveka. Panali anthu ena amene anati zimenezi n'za anthu, ayambe apita kwa asing'anga. Achemwali anakana. Anaitana njinga yamoto, anawagwirira kumbuyo mpaka pachipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anawatumiza ku chipatala cha pa boma. Madokotala anapeza kuti BP yakwera kwambiri ndipo yayambitsa sitiroko. Achemwali, ndikukuthokozani pamaso pa onse amene awerenge kalatayi. Matenda amenewa safuna kudikira kuti tione mawa. Munthu akapotoka pakamwa, mkono ukafooka mwadzidzidzi, lilime likalemera, malo ake ndi kuchipatala nthawi yomweyo.

Inu amene muli kumudzi mukamva kuti mwana wa uje sanabwere pa matenda a mayi ake, kapena pa maliro, musafulumire kunena kuti Joni yamulowa m'mutu. M'Malawi akalowa mu South Africa ndi pasipoti amamupatsa masiku 30 okha. Akapyoza masikuwo, potuluka pa boda amamulemba kuti saloledwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapyoza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5. Ndiye munthu amakhala pakati: akapita kukaona mayi ake, ntchito imene ikugula mankhwala a mayi akewo yathera pomwepo. Ndaonapo amuna akuluakulu akulira m'chipinda, akutsatira maliro a kholo lawo pa foni. Ine mapepala anga anali bwino nthawi imeneyo, bwana wanga anandilola, ndipo anzanga a gulu lathu losonkherana anandiwonjezera ndalama ya basi usiku womwewo. Sindinali woposa anzangawo m'chilichonse. Khomo linangotseguka, ndipo ndikudziwa amene analitsegula.

Njira imene tonse timaidziwa ndi ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza mpaka Blantyre. Kuchokera apo munthu umadziona kuti wafika, chifukwa kwatsala Zomba, Liwonde ndi Ulongwe basi. Koma mukukumbukira mmene zinalili ku Mozambique nyengo imeneyo. Anavota pa 9 October, zotsatira zake zinakanidwa ndi otsatira a Venâncio Mondlane, ndipo zionetsero zinkabuka apa ndi apo. Pa 23 December bwalo lalikulu la dzikolo linatsimikiza kuti a Daniel Chapo ndiwo apambana, ndiye moto unayaka m'misewu. Anthu zikwizikwi anathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ife tinanyamuka ku Johannesburg sabata yomweyo.

Pa Beitbridge panali mmene pamakhalira mwezi wa December, mabasi ndondondo, dzuwa likuswa mtengo, katundu yense kumutsitsa ndi kumukwezanso. Zimenezo tinazizolowera. Nkhani inavuta titafika ku Harare, pamene adalaivala atayankhulana ndi anzawo amene anali kutsogolo anatiuza kuti njira ya Tete sakuidalira. Anati pali malo amene atchinga ndi miyala ndi matayala oyaka, ndipo iwo sangaike miyoyo ya anthu ndi basi pachiswe. Panali ziwiri, kudikira mu Harare mpaka kudzakhale bata, kapena kuzungulira ku Zambia, aliyense awonjezere ndalama ya mafuta.

Phokoso limene linabuka m'basimo silosimbika. Ena anali atagulira katundu ndalama yawo yonse, m'thumba mulibe kanthu. Amayi ena anali ndi mwana wakhanda. Ineyo mtima unali m'wodi ku Mangochi, ndipo ola lililonse loima linkandiwawa m'mafupa. Amene anathetsa mkanganowo anali abambo ena achikulire a ku Makanjira, ovala kofia yoyera, amene anaimirira n'kunena mofatsa kuti amene ali nazo aike zambiri, amene alibe asachite manyazi, tonse tikafike. Anayendetsa kofia yawo yomweyo m'mipando. Ndalama inakwana, marandi osakaniza ndi madola.

Tinakhotera kumpoto, n'kuwoloka Zambezi pa Chirundu, kulowa Lusaka, kenako msewu wautali wopita ku Chipata. Amene simunayendepo kumeneko, dziwani kuti kuchokera ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ndipo cha ku mtsinje wa Luangwa kuli mapiri ndi makona oopsa. Titangowoloka mlatho wa Luangwa, basi ikukwera chitunda ndi ngolo yake yodzaza katundu kumbuyo, inayamba kutentha, n'kuzima. Adalaivala ndi kondakitala anayesa zimene akanatha, koma chitsulo chimene chinawonongeka chinafunika kuchokera ku Lusaka. Linali tsiku la Khrisimasi, mashopu ambiri otseka.

Apa m'pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa m'pamene chikhulupiriro changa chinayesedwa kuposa ngakhale pa bedi la chipatala. Foni yanga inali ndi layini ya ku Joni, yosagwira kumeneko. Uthenga womaliza umene ndinalandira tili pa Beitbridge unali woti amayi sakumeza bwino. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu osadziwa ngati ndikupita kukaona odwala kapena kukapeza manda atsopano. Ndinali nditapemphera kuti njira itseguke, koma inatsekeka. Ndinapemphera kuti basi iyende, koma inafera m'phiri. Ndinafunsa Mulungu mosabisa kuti kodi mwandilolera kutuluka ku Joni kuti ndidzathere pathengo pano? Ndinali ngati msodzi amene mwera wamupeza pakati pa nyanja, amene sangauletse, chimene angathe n'kugwiritsa nkhafi kuti bwato lisapingasike. Nkhafi yanga inali Salimo 121, limene amayi ankatiwerengera aliyense wa ife akamanyamuka ulendo, lija lonena kuti Yehova adzasunga kutuluka kwako ndi kulowa kwako. Ndinalibwereza mumtima ngakhale pamene sindinkamva kukoma kwake.

Chakumadzulo kunatulukira amayi a m'mudzi wapafupi atasenza zidebe za madzi ndi mabeseni a mango. Chilankhulo chawo tinkamvana bwinobwino. Titafuna kulipira madziwo anakana, mmodzi n'kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ifenso ana athu ali m'maulendo. Anatenga amayi a mwana wakhanda aja kukagona nawo m'nyumba. Mnyamata wina wa m'mudzimo, ataona kuti ndikungoyang'ana foni yosagwira, ananditengera pakachulu pamene iwo amaimbira, n'kundipatsa foni yake. Ndinaimbira achemwali. Anati amayi alipo, ayamba kumeza phala, ndipo anawaikira foni kukhutu. Mawu awo anali olemera, koma dzina langa analitchula. Mnyamatayo anakana ndalama ya mayunitsi.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti aliyense m'basi muja anayankhidwa monga mmene ndinayankhidwira ine. Pampando woyandikana ndi wanga panali mnyamata wa ku Katuli amene ankathamangira bambo ake odwala. Ataimba pa foni yomweyo anamva kuti amwalira dzulo lake, ndipo monga mwa chipembedzo chawo anali ataikidwa kale. Analira usiku wonse. Abambo a ku Makanjira aja anakhala naye, ena a ife tinakhala chapafupi, Asilamu anachita mapemphero awo, ife tinachita athu. Sindingayerekeze kunena kuti Mulungu amandikonda ine kuposa mnyamata uja. Chifukwa chimene wina amamupeza mayi ake ali moyo, wina n'kupeza manda, chili m'manja mwa Mwini wake. Chimene ndinaona n'choti mnyamatayo sanasiyidwe yekha ngakhale mphindi imodzi, ndipo titafika ku Lilongwe anthu amene anali asanamuonepo anamulipirira ulendo wotsala.

Chitsulo chinabwera, basi inadzuka, tinadutsa Chipata, pa boda ya Mwami ndi Mchinji, n'kulowa Lilongwe. Kumeneko tinapeza mavuto amene inu munkakhala nawo tsiku ndi tsiku: mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta, ndi mitengo ya minibasi yokwera moti munthu wochokera kunja umayamba wafunsa kawiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinkangomva pa foni kuti zinthu zadula, koma apa ndinazigwira ndi manja. Ndinadzera ku Salima ndi ku Golomoti, ndipo nditaona migwalangwa ndi milambe ya kwathu misozi inatsika yokha.

Amayi ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, achemwali akuwamwetsa phala. Ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, amayi a Mvano amene ankabwera mosinthana ndi chakudya ndi nyimbo, abusa amene anadzawapempherera, ndi amalume amene anagulitsa mbuzi yawo osadikira kuti ine ndifike. Aneba athu Achisilamu nawonso sanatisiye, ankabweretsa nsomba ndi nkhuni kumalo a magadiyani. Amayi anatuluka chaka chatsopano chitalowa. Mwendo unabwerera, akuyenda ndi ndodo. Kulankhula kwabwerera pafupifupi konse. Mkono wamanzere mpaka lero sunagwire bwino, ndipo ndimaupempherera tsiku lililonse. Sindibisa kuti ndinkafuna machiritso athunthu. Koma mayi amene ndinkaopa kuti ndikapeza ataikidwa anandidalitsa ndi pakamwa pawo ndisananyamuke.

Pobwerera, chakumapeto kwa January, zinthu zinali zitayamba kuzizira ku Mozambique, ndipo tinadutsa pa Mwanza ndi Tete popanda chotchinga. Ndinafika, ndinayamba ntchito yanga yowotcherera zitsulo, ndikuona ngati mayesero atha.

Patapita pafupifupi masabata awiri ndinayamba kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Kuno aliyense akamva choncho amati ndi chimfine, ndipo anzanga kuntchito ananenanso zomwezo. Kenako kunabwera kuzizidwa kogwedeza bedi, thukuta lonyowetsa bulangete, kusanza, mkodzo n'kuyamba kuda. Zimene zinachitika pambuyo pake ndinachita kuuzidwa. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, mwana wa ku Namwera, akuti anandipeza ndikulankhula zosagwirizana, ndikuitana amayi, osamuzindikira iyeyo. Anasiya ntchito tsiku limenelo, podziwa kuti amudula malipiro, anapempha galimoto kwa munthu wina wa pamalo pathu, n'kundinyamula.

Ndikufuna anyamata amene muli kuno, ndi inu makolo amene mumalankhula nawo pa foni, mumvetse bwino mbali iyi. Ku Johannesburg ndi chigawo chonse cha Gauteng si dera la malungo. Malungo a m'dziko lino ali kumalire, ku Limpopo, ku Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Choncho munthu ukafika pachipatala cha mu tauni muno ndi kutentha thupi, malungo si chinthu choyamba chimene amachiganizira, pokhapokha utanena kuti wachokera kumene kuli udzudzu wake. Mnzanga uja atangofika anauza namwino kuti munthuyu wangobwera kumene kuchokera ku Malawi, kunyanja, nyengo ya mvula. Namwinoyo anandibaya chala nthawi yomweyo, ndipo kachipangizo kanaonetsa malungo. Ananditumiza kuchipatala chachikulu kumene anandiika dripu ndi kundibaya mankhwala a artesunate m'mitsempha, pakuti anali atafika poti mapiritsi sangathandize. Nditayamba kudya anandipatsa mapiritsi omalizira, omwe aja kwathu timawatcha LA, kuno amati Coartem.

Dokotala anandifotokozera chinthu chimene ambiri a ife sitichidziwa. Munthu wokulira ku Mangochi, amene udzudzu umamuluma chaka ndi chaka, thupi lake limazolowera pang'ono kulimbana ndi malungo, n'chifukwa chake wamkulu kumudzi amatha kudwala n'kumayendabe. Koma ukakhala zaka kumalo kopanda malungo mphamvu imeneyo imatha, ndipo ukabwerera kwanu umakhala ngati mlendo amene sanadwalepo. Amakugwira mwamphamvu ndipo amathamangira kumutu ndi ku impso. Samaonekeranso pompopompo. Kawirikawiri pamapita sabata imodzi kapena kuposerapo kuchokera pamene udzudzu unakuluma, ndiye amakupeza utabwerera kale ku Joni, za kumudzi utaiwala. Ine madzulo ambiri ndinkakhala panja pa wodi ndi achibale mpaka usiku, Shire ali pafupi pomwepo, mvula ikugwa. Mukapita kumudzi gonani m'neti, funsani kuchipatala za mankhwala oteteza musananyamuke, ndipo mukabwerako thupi likangotentha, kayezetseni tsiku lomwelo n'kunena kumene mwachokera.

Ndikudziwa chimene chimagwira ambiri miyendo. Ndi mantha a mapepala, ndi nkhani za magulu amene nthawi zina amaima pazipata za zipatala n'kumabweza alendo. Manthawo sachokera pachabe. Komabe malamulo aakulu a dziko la South Africa, pa gawo 27, amanena kuti palibe munthu amene ayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Ine anandilandira, anandisamala ngati mwana wawo, ndipo namwino wina wachikulire ankabwera usiku kudzandifunditsa n'kunditchula kuti mwana wanga m'chilankhulo chake. Kufera m'chipinda chifukwa choopa kuli ndi mtengo waukulu kwa abale, pakuti kunyamula maliro kuchokera kuno kukafika ku Mangochi kumadya ndalama imene banja silingaipeze palokha.

Ndili chigonere m'chipatalamo ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza. Ndinayamba kuwerenga anthu amene Mulungu anawaika panjira yanga kuyambira tsiku la foni ija: achemwali amene anakana kuchedwa, adalaivala amene anakana kutilowetsa m'moto, abambo a kofia, amayi a madzi ndi mango, mnyamata wa foni, mnzanga wa ku Namwera, namwino amene anamvera mawu ake. Ambiri a iwo sindidzawaonanso, ndipo ena sitipemphera m'nyumba imodzi. Wina anganene kuti ndi mwayi chabe kapena ubwino wa anthu. Ine ndikuti ubwinowo uli ndi kochokera. Ndinkafuna Mulungu wochotsa miyala yonse pamsewu ndisanafike. Amene ndinakumana naye anandilola kudutsa m'phiri muja ndi pa bedi lija, koma paliponse pamene mphamvu zanga zinathera ndinapeza atatsogoza munthu. Ndipo taganizani, malungo aja akanandigwira ndili m'basi pakati pa Tete ndi Nyamapanda, kapena ndili ndekha m'chipinda mnzanga ali ku ntchito ya usiku, bwenzi mbiri imene munamva ija ili yoona.

Abale a mpingo wa Amalawi umene timasonkhana Lamulungu anabwera kudzandiona, anandilipirira lendi ya mwezi umene sindinagwire ntchito, ndipo bwana wanga anandisungira malo. Thupi likadali lofooka, ndikakweza chitsulo cholemera ndimachita chizungulire, koma magazi akubwerera ndipo sikelo yayamba kukwera.

Tsopano ndili ndi zopempha. Achemwali, mankhwala a BP a amayi asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale iwo atanena kuti akupeza bwino, chifukwa munthu samva kuwawa BP ikamakwera. Mchere m'ndiwo zawo uchepe, ndipo tsiku la sikelo ndi la mafizo a mkono lisaphonyedwe. Ndalama ya njinga ndizitumiza mwezi uliwonse pa foni yanu. Inunso amalume, ndi nonse amene mwapyola zaka 40, mukapita pachipatala pemphani akuyezeni BP, sizitenga nthawi. Abusa ndi akulu ampingo, ndikupempha kuti Lamulungu likubwerali muthokoze Mulungu m'malo mwanga pamaso pa mpingo, ndipo mukumbukire m'pemphero mnyamata wa ku Katuli uja ndi banja lake. Achimwene, mukakwera ku Namwera kukagula chimanga, mundiimbire ndikulongosolereni mudzi wa kwawo kwa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi uja. Mayi ake ndi okalamba ndipo amakhala ndi zidzukulu. Muwatengere chambo chouma ndi shuga, muwauze kuti mwana wawo anandinyamula pamsana kutsika nane masitepe a nyumba imene timakhala.